Tsiku Loyamba pa Nchito

Ana inu pamodzi ndi aphunzitsi anu, m'mamawa mumaona anthu a ku Kanyama ndi ku George ali pa ulendo wa pansi kunka ku mafakitale, ndi amai a ku Mtendere ndi ku Kalingalinga alikupita kukagwira nchito m'nyumba za ku Kabulonga. Pakati pao alipo ena amene akukayamba nchito lero lomwe. Kodi munthu wotere ayenera kuuzidwa ciani asanagwire cida ciri conse?

Lamulo la Employment Code Act la caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1965, likuti wolemba anthu nchito akhale ndi malamulo a pa malo pake, ndipo awadziwitse kwa wanchito ali yense. Malamulowo anene za khalidwe loyenera, za thanzi, za HIV ndi Edzi, za kuletsa kubvutitsana, ndi njira yoperekera madandaulo. Kungomata pepala la Cingerezi pa khoma sikukwanira ai. Kapitao akhale pansi ndi mlendoyo, amlongosolere m'cinenero cimene amva, amsonyezenso makina oopsa ndi zobvala zodzichinjirizira nazo. Kucotsa munthu nchito cifukwa ca lamulo limene sanauzidwe ndi kumlakwira.

Koma wanchito nayenso asangoti "inde, bwana" pa zonse. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Afunse za pangano lake, pakuti pangano la miyezi 6 kapena kupitirira liyenera kulembedwa, ndipo asaikepo dzina kapena cala asanalimvetse. Nthawi yoyesedwa ndi miyezi 3, ndipo ikaonjezedwa isapitirire miyezi ina 3. Maola a nchito ndi 48 pa mlungu. Opitirira apo ali ndi malipiro ace apadera. Mwezi uli wonse umpatsa masiku 2 a chuthi.

Ambiri amadabwa polandira malipiro oyamba, poona kuti ndalama zacepa, nayamba kuganiza kuti awabera. Cikhala kuti sanauzidwe za NAPSA, kumene kumasungidwa ndalama za pa ukalamba. Wanchito apereka 5 pa 100 iri yonse ya malipiro ace, bwana naye aonjezapo 5 yace.

Aphunzitsi, lembani ici pa bolodi: mkulu wanu wa ku Cawama alandira K2,000 pa mwezi. Kodi adzamdula zingati za NAPSA, ndipo zonse pamodzi ndi za bwana zidzakhala zingati? Ana awerengere m'mabuku mwao.