Namwino Woyendayenda wa Odwala Mwakayakaya: Zimene Akufuna Kumva kwa Inu

Inu amene munachoka kwanu kukagwira ntchito m'migodi mukudziwa moyo wa pa ulendo: malo achilendo, mabwana achilendo, chilankhulo chachilendo. Kodi mukudziwa kuti anamwino ena amagwiranso ntchito chimodzimodzi? Amalembedwa kwa masiku kapena miyezi yowerengeka pamene pachepa anthu, ikatha nthawiyo n'kupita kwina. Ena amagwira ganyu wa usiku m'zipatala zosiyanasiyana mumzinda womwewo. Mbale wanu akadwalika kwambiri, mwina adzamusamalira ndi namwino wotereyu.

Chifukwa chiyani anamwino amasinthasintha?

Anamwino ambiri a m'Zimbabwe anapita kukagwira ntchito ku Britain ndi mayiko ena. M'chaka cha 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda wa mayiko 55 amene ogwira ntchito zachipatala ndi operewera kwambiri. Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique onse analipo. Namwino wa chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene achipatala amati ICU, amachita maphunziro apadera owonjezera, choncho akachoka mmodzi sizophweka kupeza wina.

Mu Harare, wodwala wochokera ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena Dzivarasekwa akafooka kwambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, chimene kale chinkatchedwa Harare Central. Mabedi a ICU ndi ochepa, ndipo bedi silingagwire ntchito popanda namwino wake.

Kodi namwinoyu amachita chiyani?

Wodwala amene akupuma ndi makina amafunika namwino wakewake usana ndi usiku. Paipi imalowa m'kamwa mpaka kukhosi, choncho wodwala sangalankhule, ndipo nthawi zambiri amapatsidwa mankhwala ogonetsa. Namwino amalemba ola lililonse mmene mtima ukugundira, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Amayeza mkodzo pofuna kudziwa ngati impso zikugwira ntchito. Amayamwa makhololo ndi kachipangizo, amayang'anira diripi, ndipo amatembenuza wodwala pafupipafupi kuti asachite zilonda kumsana.

Makina amamuuza zambiri, koma sangamuuze kumene wodwala anagwira ntchito kapena mankhwala amene amamwa. Zimenezi mukuzidziwa ndinu.

Muuzeni zinthu izi

1. Ntchito ya mumgodi. Nenani mgodi wake, zaka zimene anagwira ndiponso ngati ankaboola miyala. Tchulani ngakhale za kale za pa Wenela ku Joni kapena za kukumba golide m'maenje a makorokoza. Fumbi la miyala limaumitsa mapapo, matenda otchedwa silikosisi. Matendawa sachiritsika, amatha kuonekera patapita zaka zoposa 10 munthu atasiya ntchito, ndipo amachititsa kuti munthu adwale TB mosavuta.

2. Za TB. Kodi anadwalapo chifuwa chachikulu? Anamaliza mankhwala a miyezi 6 kapena anasiyira panjira posamuka? Izi zimathandiza adokotala kusankha mankhwala, komanso kuteteza odwala ena m'chipindamo.

3. Ma ARV ndi mankhwala ena. Bweretsani mabotolo ndi makadi onse, ngakhale a kuchipatala cha ku Malawi, Mozambique kapena South Africa. Musabise za mankhwala azitsamba kapena mowa. Namwino salipo kuti aweruze munthu, ndipo ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi.

4. Mekyule. Ngati ankawotcha golide ndi mekyule, nenani. Utsi wake umawononga impso ndi mitsempha.

5. Mayina onse. Ambiri mwa ife dzina la pa chitupa ndi lina, la ku mgodi ndi lina, la pakhomo ndi linanso. Perekani onse kuti zolemba zisasokonekere.

Mlendo ndi mame

Namwino amene mwamufotokozera lero mwina mawa simumupeza. Choncho lembani zonsezi papepala ndipo pemphani kuti aliike mu failo ya wodwala. Sankhani munthu mmodzi wa m'banja woti azilankhula ndi achipatala ndipo siyani nambala yake ya foni. Ngati Chishona kapena Chingerezi chikukuvutani, tengani mwana kapena mnansi wodalirika wokumasulirani. Mukapeza namwino watsopano musakhumudwe kubwerezanso. Funsani dzina lake, funsaninso pamene simunamve.

Sambani m'manja polowa ndi potuluka. Musampatse wodwala madzi, phala kapena mankhwala a kunyumba popanda chilolezo, chifukwa zikhoza kulowa m'mapapo. Koma mulankhuleni m'chilankhulo cha kwanu, pakuti odwala ena amamva ngakhale atatseka maso.

Musadikire kufika pamenepo

Namwino wa ICU angachite zambiri wodwala akafika msanga. Ngati mukutsokomola kwa milungu iwiri, mukuonda, mukutuluka thukuta usiku kapena mukubanika pokwera kamtunda, pitani ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. Munthu amene akulephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, akutsokomola magazi kapena wasokonezeka mutu, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Lero lomwe, mukadali ndi mphamvu, khalani pansi ndi a pabanja panu. Lembani migodi imene munagwirako ndi mankhwala amene mumamwa, ndipo sungani pepalalo pamodzi ndi chitupa chanu.