Kompyuta ya kwantamu

Kompyuta ya kwantamu ndi makina owerengera amene amatsatira malamulo a fizikisi ya kwantamu, nthambi ya sayansi yofotokoza khalidwe la tinthu tating'onoting'ono monga maatomu ndi maelekitironi. Makinawa akadali pa kafukufuku, koma ayamba kale kusintha momwe zinsinsi zimatetezedwera pa intaneti.

Momwe imagwirira ntchito

Kompyuta wamba imasunga zonse m'timagawo totchedwa bit, ndipo bit iliyonse imakhala 0 kapena 1. Kompyuta ya kwantamu imagwiritsa ntchito ma qubit. Qubit imatha kukhala mumkhalidwe wosakaniza 0 ndi 1, umene asayansi amautcha superposition, koma ikangoyezedwa imapereka yankho limodzi lokha. Ma qubit amathanso kulumikizana mwakuti zotsatira za imodzi zimagwirizana ndi za inzake ngakhale atatalikirana. Kulumikizana kumeneku kumatchedwa entanglement, ndipo Alain Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger analandira mphoto ya Nobel mu 2022 chifukwa cha kafukufuku wawo pa nkhaniyi.

Vuto ndi lakuti ma qubit sachedwa kusokonezeka ndi kutentha kapena kugwedezeka, ndipo akasokonezeka amalakwitsa. N'chifukwa chake makina a Google ndi IBM amaziziritsidwa kufika pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro.

Mbiri

Mu 1981, Richard Feynman wa ku America ananena kuti kuwerengera khalidwe la tinthu ta kwantamu kumafunika makina otsatira malamulo omwewo. Mu 1994, Peter Shor anapeza njira imene makina otere angapezere mwachangu manambala amene anachulukitsidwa kuti apange nambala yaikulu.

Mu 2019, kampani ya Google inalengeza kuti makina ake a Sycamore, a ma qubit 53, anamaliza m'masekondi 200 ntchito imene ikanatengera kompyuta yamphamvu kwambiri zaka 10,000. IBM inatsutsa, ponena kuti masiku awiri ndi theka akanakwanira.

Ntchito zake ndi chiopsezo

Asayansi akuyembekezera kuti makinawa adzathandiza kumvetsa momwe mamolekyu amagwirizanirana, zimene zili zofunika popanga mankhwala, mabatire ndi feteleza.

Koma njira ya Shor ikuopseza chitetezo cha pa intaneti. Njira yobisira uthenga yotchedwa RSA, imene mabanki ndi mawebusaiti ambiri amagwiritsa ntchito, imadalira mfundo yakuti kompyuta wamba singathe kugawa nambala yaikulu chotero pa nthawi yochepa. Makina a kwantamu amene alipo panopa sanafike pothyola RSA, komabe munthu akhoza kusunga uthenga wobisika lero n'kudzauwerenga makina amphamvu akadzapezeka. Pofuna kupewa zimenezi, mu Ogasiti 2024 bungwe la NIST la ku America linatulutsa miyezo itatu yatsopano yotetezera uthenga, imene inakonzedwa kuti ngakhale kompyuta ya kwantamu isathe kuithyola.