Kanyenyezi Kachisanu ka pa Mtanda wa Kummwera

Mu Meyi ndi Juni, mvula itasiya ndipo chisanu chitagwira ku Lifidzi ku Angónia, thambo limayera mbee. Mukayang'ana kummwera cha m'ma 8 koloko usiku, mkati mwa Mlalang'amba mumaona nyenyezi zinayi zitaima ngati mtanda. Yang'anitsitsani pakati pa yapansi ndi ya kudzanja lamanja. Pali kachisanu kozimirira, kamene ambiri amakadumpha. Akatswiri amakatchula Epsilon Crucis, ndipo mu 2017 bungwe la International Astronomical Union lidavomereza dzina lakuti Ginan, lochokera kwa anthu a mtundu wa Wardaman a kumpoto kwa Australia.

Kuwala kwa nyenyezi kuli ndi muyeso wake, ndipo muyesowo umayenda chobwerera: nambala ikamakula, kuwala kukuchepa. Agiriki akale adaika zowala kwambiri pa 1, zongooneka movutikira pa 6. Mu 1856 Norman Pogson adaukonza kuti nyenyezi ya pa 1 ipose ya pa 6 kuwirikiza ka 100. Ginan ili pa 3.6. M'tauni ya magetsi ambiri imavuta kuiona, koma kumudzi, mwezi uli kumdima, diso limaipeza popanda chida.

Tsono muyeso umenewu umangonena zimene diso lalandira. Sunena ukulu wa nyenyeziyo. Koloboyi ali pakhonde ndi moto wa lupsa uli patali pa phiri la Domwe zitha kuoneka zofanana, chonsecho winawo ukupsereza tchire lonse. Ginan ndi moto wakutaliwo. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 230 kuti kutipeze, kotero kumene tikuona lero kudanyamuka Angoni a Zwangendaba asanawoloke Zambezi mu 1835. M'mimba mwake imaposa dzuwa pafupifupi ka 30, ndipo kuwala kwake kwenikweni kumaposa kwa dzuwa pafupifupi ka 300.

Kutentha ndi msinkhu wa nyenyezi zimadziwika akatswiri akamwaza kuwala kwake kukhala mitundu yake ndi kuwerenga timizere takuda timene timaonekamo. Annie Jump Cannon wa ku Harvard ndiye adandandalika magulu a O, B, A, F, G, K ndi M, kuyambira zotentha kwambiri, zabuluu, kufika zofiira. Mu 1943 Morgan ndi Keenan adawonjezera manambala achiroma osonyeza msinkhu. Dzuwa lathu ndi G2 V, ndipo kunja kwake kumatentha madigiri pafupifupi 5,500. Ginan ndi K3 III: K akunena kuti ndi yamtundu wa lalanje, ya madigiri pafupifupi 4,000, pamene III akuti ndi chimphona, nyenyezi yokalamba imene idatha haidrojeni wa pakati pake ndi kufufuma.

Ine ndimaona kuti nambala yachiromayi ndiyo yofunika kuigwiritsa, chifukwa chilembo pachokha chikhoza kusokeretsa. Epsilon Indi nayonso ndi ya gulu la K, koma ndi K5 V, yocheperapo kuposa dzuwa. Ili pafupi nafe kwambiri, ulendo wa kuwala wa zaka 12 zokha, komabe pa 4.7 ndi yozimirira kuposa Ginan. Epsilon Indi imakwera madzulo mu Seputembala ndi Okutobala, nyengo imene utsi wa lupsa umaphimba thambo la Angónia. Ngati mukufuna kuiona bwino, dikirani usiku wopanda mwezi, mvula yoyamba itatsuka utsiwo.