Mlendo, wokhala kapena nzika: mawu atatu a pa chitupa ku Zvishavane

Tauni ya Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, inakula chifukwa cha mgodi wa asbestos wa Shabanie umene unayamba m'chaka cha 1916. Pakati pa ogwira ntchito pamgodiwu panali amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ambiri anatchona, nakwatira, naberekera ana m'makomponi. Zidzukulu zawo zikadali komweko, ndipo zina mwa izo zakumana ndi mavuto aakulu chifukwa cha mawu atatu a Chingerezi amene anthu amawasokoneza: alien, resident ndi citizen.

Mawu akuti alien timangowamasulira kuti mlendo. Koma mlendo wa m'Chichewa, amene akuluakulu amati ndi mame sachedwa kukamuka, m'Chingerezi ndi visitor. Pa malamulo, alien ndi munthu aliyense amene boma silimuwerengera ngati nzika, ngakhale atabadwira m'dzikomo ndi kukalambira momwemo. Ana ambiri a matchona analandira zitupa zolembedwa mawu amenewa pamene sanapondeko ku Malawi.

Resident amangonena za kumene munthu akukhala. Amene ali permanent resident amaloledwa kukhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo popanda malire a nthawi, koma pasipoti ya dzikolo sangailandire. Citizen ndiye nzika, mwini dziko, amene amavota ndi kuimira nawo pa chisankho.

Kusiyanaku kunaoneka poyera mu 2001, pamene boma linasintha lamulo la unzika. Aliyense amene ankaganiziridwa kuti ali ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo. Ambiri a m'migodi ndi m'mafamu uthengawu sanaumve, ndipo ena analibe zikalata zokanira unzika umene sanautengepo. Iwowa anasanduka ma alien, moti ambiri sanavote pa chisankho cha pulezidenti cha mu March 2002.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amagawa unzika patatu. Citizen by birth ndi wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo kapena agogo amene ndi nzika. Citizen by descent ndi wobadwira kunja amene watengera unzika kwa makolo kapena agogo. Citizen by registration ndi wochita kupempha, atakhala m'dzikomo zaka 10 kapena atakhala pa banja ndi nzika zaka 5. M'Chichewa birth ndi descent onse amakhudza kubadwa, koma mphamvu zawo n'zosiyana: Nyumba ya Malamulo ingathe kuletsa unzika wa mayiko awiri kwa magulu awiri omalizawo, osati kwa gulu loyamba.

Kwa ana a matchona, gawo 43 la malamulowa ndilo lofunika kwambiri. Likunena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe, ndi citizen by birth.

Amene anayesa malamulo atsopanowa ku khoti ndi a Mutumwa Mawere, omwe anagula mgodi wa Shabanie mu 1996, boma lisanaulande mu 2004. Iwo anali atatenga unzika wa South Africa, choncho ofesi ya kalembera inawakaniza chitupa cha nzika. Mu June 2013 Constitutional Court inagamula kuti iwo ndi nzika yobadwa, ndipo sayenera kukana unzika winawo. Nalo dziko la Malawi linavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018.

Patsala mawu achinayi, oopsa kuposa onse: stateless, kutanthauza munthu amene palibe dziko lililonse lomuvomereza kuti ndi wake. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti lotchula anthu pafupifupi 300,000 amene anali pa chiopsezo chimenechi mu Zimbabwe. Kholo lopanda chitupa limavutika kutengera mwana chikalata cha kubadwa, ndipo mwanayo amavutika kulembetsa mayeso.

Lamulo linasintha, koma chitupa chakale sichisintha chokha. Mwini wake ayenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi chikalata cha kubadwa pamodzi ndi chitupacho, nakapempha kuti mawu akuti alien achotsedwe.