Nyimbo zotsekemera, mawu oluma: chimbale cha ku Hull chomwe oimba athu akuyenera kumva

Chimbale choyamba cha gulu la The Beautiful South chinatuluka mu Okutobala 1989, ambiri a ife tisanabadwe. Mutu wake ndi Welcome to the Beautiful South, ndipo chipongwe chikuyambira pa dzina lenilenilo. Anyamatawa ndi a ku Hull, mzinda wa kumpoto kwa England womwe unkadalira usodzi mpaka ntchitoyo itagwa m'zaka za m'ma 1970. Chuma cha dzikolo chili kummwera, ku London. Ndiye anthu a kumpoto kudzitcha a kummwera kokongola kunali kunyogodola basi.

Paul Heaton ndi Dave Hemingway anayambitsa gululi litatha gulu lawo lakale la The Housemartins mu 1988. Heaton ankalemba mawu, David Rotheray n'kumapeka maimbidwe. Mukachitsegula pa YouTube, zomwe zimayamba kukufikani m'khutu ndi piyano yofatsa ndi mawu osalala ngati a kwaya ya Lamulungu m'mawa. Mutha kuganiza kuti ndi zoimba pa ukwati. Dikirani kaye mumve zomwe akunena.

Tengani Song for Whoever, yomwe inafika pa nambala 2 ku Britain. Woimbayo akutchula mayina a atsikana angapo, koma sakukonda ndi mmodzi yemwe. Amawafunsira kuti apeze cholemba, akalira iye amapeza nyimbo, nyimboyo n'kumubweretsera ndalama za umwini, zija kuno amagawa a COSOMA. Mayina enawo mpaka amaiwala. Ndi nyimbo yachikondi yoseka nyimbo zachikondi, ndipo anthu anaigula ngati nyimbo yachikondi. Tangoganizani mayina a atsikana omwe oimba athu amatchula mwezi ndi mwezi, eti. Mukaimva iyi, zinazo simuzimvanso chimodzimodzi.

Woman in the Wall ndiye yoopsa. Ikukamba za chidakwa chomwe chinapha mkazi wake n'kumubisa m'khoma la nyumba, koma maimbidwe ake ndi ansangala, oti mwendo umagwedezeka wokha. Ukazindikira chomwe ukuvinira, manyazi amakugwira. Apa ndi pomwe pali mphamvu ya chimbalechi. Nkhani ya nkhanza za m'banja ikabwera ndi nkhope yachisoni, anthu amasintha siteshoni. Ikabwera ikumwetulira imalowa m'nyumba, ndipo ikalowa situluka msanga.

Sikuti zonse zili bwino. Nyimbo zina zimatalika, ndipo nthabwala zina za ndale za ku England sizimveka kwa munthu wa kuno. Komanso chipongwe chili ndi malire ake. Briana Corrigan, yemwe mawu ake akumveka mu You Keep It All In, anadzachoka m'gululi patapita zaka zingapo, mwa zina chifukwa chosakondwa ndi momwe Heaton ankalembera za akazi. Chikuto cha chimbalechi nacho chinautsa mapiri pachigwa: panali chithunzi cha mayi ataika mfuti m'kamwa, sitolo za Woolworths zinakana kuchigulitsa, ndipo gululi linasinthanitsa ndi chithunzi cha zidole za ana.

Nanga ife a ku Kasungu zikutikhudza pati? Luso limeneli si la azungu. Amayi a pamtondo akhala akulichita kuyambira kale: nyimbo yokoma, musi ukugunda bwinobwino, koma mawu akulasa mwamuna waulesi kapena apongozi amiseche omwe akhala pakhonde pomwepo. Wolasidwayo sangadandaule, chifukwa akatero wavomera kuti ndi iyeyo. Nyimbo za gule wamkulu nazo zimaphiphiritsa choncho. Joseph Nkasa anatchedwa Phungu chifukwa cha miyambi yoluma, ngakhale ambiri amamukumbukiranso ndi Mose wa Lero, yotamanda Bingu wa Mutharika. Lucius Banda ndi Evison Matafale ankalasa mwachindunji, ndipo ulemu wawo ndi umenewo. Chomwe chikusowa pa mafoni athu lero ndi woimba woti akuseketse kenako uzindikire kuti amaseka iweyo.

Chonsecho nkhani zili mbwee. Pitani ku okushoni ya Chinkhoma msika wa fodya ukatsegulidwa. Mlimi wasoka fodya, wamuyanika m'chigafa, wadinda mabelo, wadikira masiku pamzere. Mtengo umatchulidwa m'madola, koma akadula ngongole ya feteleza, thiransipoti ndi misonkho, chofika m'manja chimakhala cha njinga yakapalasa. Wina zikamuyendera, mwezi wa Meyi ndi bwana pa tauni, foni ziwiri, mkazi wachiwiri, mowa wogulira bala yonse. Pofika Januwale yemweyo ali pa ganyu m'munda mwa mnzake kuti apeze ndowa ya chimanga. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma funsani anthu ogwira ntchito m'maesiteti ngati kudikira malipiro mpaka fodya atagulitsidwa kunathadi. Heaton akanabadwira ku Santhe kapena ku Chatoloma, bwenzi atatulutsa zimbale zitatu pa nkhani imeneyi yokha, zonse zovinika.

M'malo mwake oimba achinyamata ambiri akutipatsa chikondi chopanda minga ndi mavidiyo a galimoto zobwereka, ndipo chisankho chikayandikira, nyimbo zotamanda wolipira. Amati anthu safuna zoganiza. Koma chimbale cha anyamata a ku Hull chinafika pa nambala 2, ndipo mu 1994 chimbale chosonkhanitsa nyimbo zawo zotchuka, Carry On Up the Charts, chinakhala pa nambala 1. Gululi linatha mu 2007. Magulu ambiri akamapasuka amati tasiyana maganizo pa zoimba. Awa analengeza kuti akusiyana chifukwa maganizo awo pa zoimba akufanana.