Wofufuza wa ku Gaborone akanafika pa Mponela

Kodi munthu akakudyerani masuku pamutu pa nkhani yaing'ono mumathawira kuti? Mnzanu wa geni wazimirira ndi mpamba, kapena mbuzi zitatu zasowa m'khola usiku umodzi. Kupolisi akuuzani kuti galimoto ilibe mafuta, kwa amfumu akuti mboni ili kuti. Anthu otere ndi amene amagogoda pa khomo la Precious Ramotswe.

Mayiyu ndi wa m'buku. Anamupeka Alexander McCall Smith, amene anabadwira ku Bulawayo mu 1948 ndipo anaphunzitsapo zamalamulo ku Botswana. Bukulo, The No. 1 Ladies' Detective Agency, linatuluka mu 1998 ku Edinburgh. Bambo ake a Mma Ramotswe, a Obed, anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni nabwerako ndi nthenda ya m'chifuwa. Atamwalira, mwanayo anagulitsa ng'ombe zamasiye natsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone. Aliyense wa ku Dowa kapena Ntchisi amene agogo ake anapita pa Wenela apa sachita kufunsa, nkhaniyi ndi ya kwawo.

Mfuti sadalira mayiyu. Ali ndi kagalimoto koyera, tiyi, mlembi wake Mma Makutsi, ndi khutu lomvetsera. Taonani mlandu umodzi. Mwamuna wina atulukira pakhomo pa mtsikana wapantchito nati ndine bambo ako amene ndinasowa kalekale. Akhala, adya, achapiridwa. Mma Ramotswe avala ngati namwino, nathamangira komweko kukanena kuti mtsikanayo wachita ngozi, akufunika magazi ambiri a bambo ake omubala, ndipo woperekayo akhoza kufa nazo. Mkulu uja, mantha atamugwira, aulula yekha kuti si mwana wake! Nzeru zoterezi azakhali athu amazidziwa bwino pa milandu ya chinkhoswe.

Komatu bukuli si nthabwala zokhazokha. Mulinso mwana wa mphunzitsi wobedwa chifukwa cha zizimba. Botswana inagwedezeka mu 1994 mtsikana wasukulu ataphedwa motero ku Mochudi, ndipo ife kuno tinaona zoopsa zomwezo pa abale athu achialubino kuyambira cha mu 2014. Apa ndi pamene ndimatsutsana naye mlembi. Mwana wa m'bukumo apezeka wamoyo, zonse zitha bwino. Botswana wake ndi wotsekemera mopitirira, ngati tiyi wothira shuga supuni zisanu, moti ena amati mzunguyu analembera anzake a ku Ulaya Africa wosapweteka mutu. Sakunama kwenikweni, ngakhale ulemu umene amapatsa anthu wamba sungakanidwe.

Chondiwawa ine n'chakuti nkhani ngati izi tili nazo zodzaza nkhokwe, koma wozilemba m'Chichewa ndani? Mapiri a Dowa si achilendo m'mabuku. Samuel Josia Ntara, mlembi wa Nthondo wa mu 1933, analembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi. Inu ophunzira a pa Robert Blake ku Kongwe, tangoganizani mayi wogulitsa tomato pa Chezi kapena pa Mponela, wodziwa matola iliyonse yokwera ku Ntchisi boma, akulondola belo la fodya limene lasowa pakati pa shedi ndi okushoni ku Kanengo. Tenanti akuloza bwana, bwana akuloza dalaivala, ndipo mayiyo wayamba ndi kufunsa amene wagula njinga yatsopano mwezi uno.