TINKHANU NDI NSOMBA ZA UTAWALEZA M'THANKI IMODZI

Usiku wina m'dzinja, udzudzu utativuta kunyumba kwathu ku Chelstone, tinapopera mankhwala m'chipinda chochezera, ndi kutseka zitseko n'kukagona. Kutacha tinapeza ana ataimirira duu pafupi ndi thanki yagalasi. Nsomba zinali kusambira monga mwa masiku onse, koma tinkhanu tofiira timene tinaweta kwa miyezi isanu ndi itatu tinali titafa tonse. Wamng'ono anafunsa kuti, "Atate, kodi ndi nsomba zapha tinkhanu tathu?" Iyayi, olakwa tinali ife akuluakulu. Tikulemba izi kuti mabanja ena amene akufuna kuweta zolengedwa ziwirizi pamodzi asaone zimene tinaona ife.

ALENDO OCHOKERA KUTALI

Nsomba za utawaleza kwao ndi ku Australia ndi ku chilumba cha New Guinea. Mtundu woyenera m'nyumba ndi waung'ono uja wotchedwa Melanotaenia praecox, wa ku mtsinje wa Mamberamo, umene umatalika ngati chala chamkombaphala ndipo umanyezimira mobiriwira. Nsombazi zimakonda kuyenda pagulu, choncho musagule zochepera zisanu ndi imodzi. Tinkhanu tija, timene pa Chingerezi amati shrimp, ndi ta mtundu wa Neocaridina davidi wa ku China ndi Taiwan. Timatalika masentimita atatu, ndipo ntchito yake ndi kutola ndere ndi nyenyeswa za chakudya.

Tisabise, nsomba kudya tinkhanu ndi chibadwa chake. Ngakhale m'nyanja ya Tanganyika, kapenta ndi buka-buka amene timagula pamsika wa Soweto amanenepa ndi tinkhanu ta m'nyanjamo. Nsomba ya utawaleza ili ndi kamwa laling'ono, kotero kankhanu kakakulu imakasiya, koma tiana timene timaswa tili tating'ono ngati nsabwe imameza msanga. Nzeru yonse yagona apa: wamphamvu apatsidwe bwalo losambiramo, ndipo wofooka apatsidwe pobisala.

KAKONZEDWE KA THANKI

Thanki ikhale ya malita 80 kapena 100, yaitali m'mbali, popeza nsombazi ndi zaliwiro. Pakati pakhale poyera, koma kumbuyo ndi m'makona muunjikemo miyala ndi kubzala udzu wa m'madzi wothithikana, makamaka wotchedwa Java moss. Sefa yabwino ndi ya siponji, chifukwa siyamwa tiana ta nkhanu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Thanki yatsopano iyambe yakhala milungu inayi kufikira isanu ndi umodzi sefa ikugwira ntchito, kuti mabakiteriya amene amasukulutsa poizoni wa m'ndowe za nsomba achuluke. Kenaka ikani tinkhanu tokha, khumi kapena makumi awiri. Kakakazi kamanyamula mazira 20 mpaka 30 kunsi kwa mimba kwa milungu itatu kapena inayi. Mukaona kuti taswana ndi kudziwa mobisala, ndiye nthawi yobweretsa nsomba. Ana ena adzadyedwabe, koma otsala adzakwanira kuti mtundu usathe.

MADZI A MU LUSAKA

Pa nkhani ya madzi tili ndi mwayi. Mzinda wathu unamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zokumba ndi makina, monga zimene zili m'mayadi ambiri ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amasiya zoyera m'ketulo. Nsomba za utawaleza zimakondwa m'madzi otere, ndipo tinkhanu timafuna laimuyo pomanga chigoba chatsopano tikafundula. Madzi a kumpopi, amene ena amachokera ku mtsinje wa Kafue, ali ndi klorini. Athireni mankhwala ochotsa klorini, kapena agone m'ndowa yosavundikira usana ndi usiku. Mlungu uliwonse sinthani gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi, osati onse nthawi imodzi.

ADANI ATATU

Mdani woyamba ndi chisanu. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 10. Madzi a m'thanki ayenera kukhala pa madigiri 24 mpaka 26, choncho chotenthetsera madzi n'chofunika.

Wachiwiri ndi kuthima kwa malaiti. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zinali kukhala mumdima kwa maola ambirimbiri. Pampu ikaima, mpweya m'madzi umachepa. Sungani kapampu ka mabatire, fundikani thanki ndi bulangete kukazizira, ndipo chepetsani chakudya kufikira malaiti atabwera.

Wachitatu ndi mankhwala. Ophera udzudzu ndi mphemvu, ngakhale utsi wa makoilo, amapha tinkhanu mofulumira, pakuti thupi lake ndi lofanana ndi la tizilombo touluka. Sitikunena kuti banja lileke kudziteteza ku malungo. Moyo wa ana ndiwo uli patsogolo. Koma amene akukhala m'nyumba zopanikiza monga za ku Kabwata aike thanki kutali ndi kumene amapopera, aivundikire bwino ndi kuzimitsa pampu ya mpweya pa nthawiyo. Werenganinso zolembedwa pa botolo la mankhwala a nsomba: ngati muli kopa, musathire, pakuti kopa ndi imfa kwa tinkhanu.

MUSATAYE KUMTSINJE

Tsiku lina mungatope nazo, kapena zingachuluke kuposa malo. Patsani mnansi kapena bwezani kumene munagula, koma musakataye kumtsinje wa Ngwerere kapena m'ngalande. Nkhanu zazikulu za zala zofiira za ku Australia zinabwera kuno kudzawetedwa, koma zinapulumukira mu Kafue ndi mu Kariba, ndipo asodzi amadandaula kuti zimadya nsomba zokodwa m'maukonde ndi kuwononga maukondewo.

Kwathu tinayambanso ndi tinkhanu khumi. Mwana uja anafunsa funso ndiye amavundikira thanki madzulo aliwonse, ndipo palibe amene amagwira chitini cha mankhwala a udzudzu asanamufunse.